Nyanja si dzala

Anyamata ndi atsikana a m'mbali mwa nyanja, iyi ndi yaitali, amene foni yatsala pang'ono kuzima ayambe wapeza chaja. Lero ndabwera ndi mkangano, ndipo ndikukangana ndi mawu amene tonsefe timanena osaganiza n'komwe: "Kaponye m'nyanja." Batire yakutha, kaponye m'nyanja. Oyilo wakuda wochoka mu injini, kakhuthule m'nyanja. Timayesa kuti chimene madzi aphimba ndiye kuti chatha basi. Ine ndikuti limenelo ndi bodza, ndipo umboni wanga ndiutenga kwa anthu amene anakhulupirira bodzali kuposa ife tonse. Ndikunena maboma akuluakulu, a masitima, ndalama ndi anthu ophunzira, amene anatenga mabomba a poizoni n'kukawaponya m'madzi momwe asodzi anzathu amaponyamo maukonde mpaka lero.

Nkhani yake ili chonchi. Germany itagonja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, asilikali a America, Britain, France ndi Soviet Union anapeza nkhokwe zodzaza ndi zida za poizoni: mabomba oponya pa ndege, zipolopolo zikuluzikulu za mizinga, ndi migolo ya mankhwala akupha. Zonse pamodzi zinali pafupifupi matani 300,000. Kuziwononga bwinobwino kunkafuna nthawi, ndalama ndi luso, koma iwo ankafuna zachangu. Ndiye zina anazilongedza m'masitima akutha, n'kuwakokera ku Skagerrak, pakati pa Denmark ndi Norway, n'kuwamiza ndi katundu yense. Zina anaziponya m'nyanja ya Baltic, makamaka mu 1947, kum'mawa kwa chilumba cha Bornholm ndiponso kufupi ndi chilumba cha Gotland. Bungwe la HELCOM, lomwe limayang'anira za nyanja imeneyi, limawerengera kuti mu Baltic mokha munalowa matani pafupifupi 40,000 a zida za poizoni. Mukatenga mathiraki onyamula matani 30 imodzi, ndiye kuti ndi mathiraki opitirira 1,300.

Musaganize kuti Baltic ndi chiphompho chopanda pothera. Nyanja yathu ino pena imazama mamita pafupifupi 700. Pamene anataya pafupi ndi Bornholm m'pozama mamita pafupifupi 100 okha, pomwe khoka la sitima za asodzi limakwekwesa pansi mosavuta. Choipitsitsa n'chakuti ena mwa otumidwawo ankayamba kuponya ali m'njira, asanafike pamalo pomwe anauzidwa, choncho ngakhale mapu a boma sasonyeza zonse.

Si iwo okha ayi. America inali ndi ntchito yomwe inkatchedwa CHASE, chidule cha mawu achingerezi otanthauza kuti boolani mabowo muzimize. Ankadzaza sitima yakale ndi zida zakutha, zina za poizoni, n'kukaimiza pakati pa nyanja yamchere, ndipo anachita zimenezi mpaka 1970. Britain nayo inathira zida zopitirira matani 1 miliyoni m'chigwa cha pansi pa nyanja chotchedwa Beaufort's Dyke, pakati pa Scotland ndi Northern Ireland. Mu 1995 timabomba toyatsa moto tambirimbiri tinayamba kutsakamira m'magombe a ku Scotland. Nyanja inayamba kubweza katundu wa eni.

Tsopano ndikuuzeni chimene msodzi amakumana nacho. Poizoni wochuluka kwambiri mwa amene anatayidwa ndi uja amati mustard gas. Anayamba kumugwiritsa ntchito mu 1917 kufupi ndi tauni ya Ypres ku Belgium. Dzina lokha ndi la gasi, koma kwenikweni ndi madzi okhuthala ngati oyilo, onunkhirako ngati adyo. Sasungunuka msanga m'madzi, ndipo kukazizira kufika pa madigiri 14 amauma. Pansi pa Baltic m'pozizira kuposa pamenepo. Ndiye chitsulo cha bomba chikadyeka ndi dzimbiri, chotsala ndi chibuma chooneka ngati dongo kapena tala, kunja chili ndi khungu lolimba, m'kati poizoni akadali wamoyo ngati wapangidwa dzulo.

Chibuma chimenecho chimakwera m'boti limodzi ndi nsomba. Mnyamata wa pa khoka amachichotsa ndi manja monga achotsera mwala kapena chitsa. Samva kanthu. Pamenepo ndiye pali nkhanza ya poizoni ameneyu: salasa nthawi yomweyo. Pamapita maola angapo, munthu atapukuta kale kumaso, atagwira anzake, atadya ndi manja omwewo. Kenako maso amafiira n'kutupa, khungu limatuluka matuza akuluakulu ngati wapsa ndi madzi owira, makamaka m'malo a thukuta monga m'khwapa ndi m'mphechepeche. Akapuma mpweya wake, mapapo amapsa. Ena amachira, koma poizoniyu amadziwikanso kuti amayambitsa khansa patapita zaka.

Izi si nthano zokambirana pa bawo. Mu Januwale 1997, asodzi a boti lina la ku Poland anakoka chibuma choterechi ndipo angapo anapsa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mu Juni 2010, kugombe la kum'mawa kwa America, boti lokumba nkhono za m'nyanja linakweza zipolopolo zakale, mmodzi wa ogwira ntchito anatuluka matuza, ndipo nkhono zonse za ulendo umenewo zinawonongedwa. Asodzi a ku Denmark akhala akukumana nazo kambirimbiri kuyambira zaka za m'ma 1950. Pa chilumba cha Usedom ku Germany pali vuto lina. Mabomba oyatsa moto a pa nkhondo ija anasiya phosphorus woyera, yemwe amaoneka ndendende ngati amber, mwala wachikasu womwe anthu amatola pagombe kukapangira mikanda. Munthu amatola, amaika m'thumba la buluku, chikauma n'kufunda chimayaka chokha pathupi.

Akuluakulu amati choipa chitsata mwini. Apa mwambiwu wanama. Akazembe amene analamula kuti ziponyedwe anamwalira kalekale, ena ndi mamendulo pachifuwa. Amene akupsa ndi mnyamata wa pa khoka, wofanana ndi inu ndi ine, yemwe ngakhale bambo ake anali asanabadwe pamene nkhondoyo inkatha. Chimenechi ndiye chimandipweteka.

Ine ntchito yanga ndi injini za maboti, ndiye za chitsulo ndi madzi musandiuze. Palibe chitsulo chimene madzi amachiopa. Bawuti imene ndamanga lero, ikakhala m'madzi osaiyang'ana, tsiku lina idzathyoka ndili chiigwirire sipanala. Gasiketi imafooka, chotsekera chimalephera, ndipo chili m'kati chimatuluka. Awo ndi madzi athu opanda mchere. Nanga amchere? Bomba ndi chitini chachitsulo basi. Ena makoma ake ndi opyapyala, amenewo anabooka kale. Ena, monga zipolopolo za mizinga, ndi ochindikala, amenewo akudikira nthawi yawo. Tanthauzo lake n'lakuti kudontha sikutha chaka chimodzi, kukusinthana, gulu ili likatha linalo layamba. M'madzi a Germany okha, ku Baltic ndi ku North Sea, muli matani pafupifupi 1.6 miliyoni a mabomba wamba, ndipo ofufuza apeza kale zizindikiro za TNT, wonga wa m'mabombawo, mu nkhono ndi nsomba za pafupi ndi malo otayirapo. Nsomba ikalawa, mawa ili pa msika.

Mwina wina akuti, aise, nanga dziko silinapangane zothetsa zida zimenezi? Linapangana, ndipo pangano lake ndi labwino ndithu. Linasainidwa ku Paris mu 1993, linayamba kugwira ntchito mu 1997, ndipo mayiko 193 alimo, Malawi yemwe. Bungwe loliyang'anira ndi OPCW, lili ku The Hague, ndipo mu 2013 linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Panganoli limanena poyera kuti pali njira zitatu zoletsedwa powononga zida za poizoni: kuzitaya m'madzi, kuzikwirira m'nthaka, ndi kuzitentha pamtetete. Mwamva? Iwo eni anavomereza ndi siginecha kuti kuponya m'nyanja si kuwononga.

Koma m'pangano lomwelo anasiyamo chibowo, ndipo anachisiya dala. Limati zida zimene zinatayidwa m'nyanja chisanafike pa 1 Januwale 1985, dziko silikakamizidwa kuziulula kapena kuziwononga. Chimodzimodzi zimene zinakwiriridwa chisanafike chaka cha 1977, bola zikhalebe m'nthaka. Onani zaka zija ndatchula: 1947, 1970. Zonse zili kuseri kwa mzere. Anajambula mzerewo pamalo poti machimo awo onse atsale kunja. Zili ngati munthu wanyera pachitsime, kenako n'kuitanitsa msonkhano wa mudzi kuti kuyambira lero wonyera pachitsime alipa mbuzi, koma za dzulo tisakambe. Madziwo tikumwa ndi a dzulo omwewo.

Kuwononga kwenikweni kulipo, kumatheka, ndipo kwachitika. Ndikufotokozereni mmene amachitira, kuti wina asadzakunamizeni kuti palibe njira ina.

Choyamba, bomba lakale salitsegula kuti aone za m'kati. Amalijambula ndi ekisire ngati munthu wothyoka mwendo, kuti adziwe ngati muli madzi kapena wonga wokha. Akadziwa, amasankha njira. Ina ndi yotentha m'ng'anjo yotsekeka, pa moto wopitirira madigiri 1,000, utsi wake n'kudutsa m'masefa ndi m'zotsukira usanatuluke. Ina ndi yosukuluza: maloboti amakhuthula poizoni, n'kumusakaniza ndi madzi otentha ndi kositiki soda, yemwe uja amayi ena amapangira sopo, mpaka poizoniyo atasweka n'kusanduka zinthu zina zosaopsa ngati poyamba. Ku Pueblo, m'chigawo cha Colorado ku America, madzi otsalawo ankawapatsa mabakiteriya kuti amalize kudya zotsalira. Mabomba odontha kapena ochita dzimbiri kwambiri, osati n'kuwamasula, amawalowetsa athunthu m'chimphika chachitsulo chochindikala, chotentha kwambiri, n'kuphulikira kapena kupsera momwemo, mpweya wake osathawa mpaka utatsukidwa. Chitsulo chotsala amachiotchanso asanachitulutse.

America inali ndi matani opitirira 30,000 a poizoni wa nkhondo. Inayenera kumaliza kuwononga mu 2007, inapempha mpaka 2012, koma roketi yomaliza, ya poizoni wotchedwa sarin, inawonongedwa pa 7 Julaye 2023 ku Blue Grass, m'chigawo cha Kentucky. Ndipo pamenepa pali phunziro la ife anthu wamba. Poyamba asilikali ankafuna kutentha zonse m'ng'anjo pafupi ndi midzi ndi masukulu. Anthu a m'deralo anakana, analimbana zaka zambiri, mpaka boma linasintha n'kutsata njira yosukuluza. Russia inamaliza zomwe inaulula mu 2017. Kuphatikiza mayiko onse, OPCW inatsimikiza kuti matani opitirira 72,000 awonongedwa.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ine wa maboti ndi cha 2014. Zida za poizoni za dziko la Syria zinkafuna powonongera, ndipo mayiko ankakankhirana. Anatenga sitima ya America yotchedwa Cape Ray, anamangamo makina osukuluzira, n'kukweza katunduyo padoko la Gioia Tauro ku Italy. Matani pafupifupi 600 anawasukuluza sitimayo ili pa nyanja ya Mediterranean, ndipo ntchito inatha mu Ogasiti chaka chomwecho. Madzi oipa otsalawo sanawakhuthulire m'nyanja. Anawasunga m'matanki n'kupita nawo ku Finland ndi ku Germany kukawamalizira m'ng'anjo. Mu 1947 sitima inali chonyamulira chokatayira. Mu 2014 sitima inali fakitale. Chinasintha ndi mtima wofuna kulipira.

Ku Belgium, alimi mpaka lero amafukula mabomba a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 akamalima. Sawatengera kunyumba. Amawasiya m'mphepete mwa munda n'kuimbira gulu la asilikali lotchedwa DOVO, lomwe limatolera matani opitirira 100 chaka chilichonse n'kukawononga ku Poelkapelle. Ku Germany kuli fakitale ya boma ya ntchito yomweyi ku Munster. Zaka zopitirira 100 zapita, ntchito ikadalipo. Mlandu suola, bomba nalonso siliola.

Tsopano ndiyankhe otsutsa, poti ndikudziwa kuti alipo.

Woyamba akuti, amwene, n'zodula zimenezo. Zoona, n'zodula. America inawononga madola mabiliyoni makumimakumi pa ntchito ija. Koma popanga mabombawo ndalama inapezeka mosavuta, palibe anadandaula. Pofuna kuwachotsa m'pamene thumba lauma? Komanso kutaya m'nyanja sikunali kwaulere. Bilu yake anangoisamutsa, kuchoka pa tebulo la boma kupita pa khungu la msodzi, pa khoka lake lomwe liyenera kutayidwa, pa nsomba zake zomwe sangagulitse. Aliyense amene amakonza injini amadziwa kasitomala uja amakana kugula oyilo wabwino, kenako injini n'kugwira pakati pa nyanja mwera ukuwomba. Ndalama imene anapulumutsa imakhala yochepa kuposa maliro.

Wachiwiri ali ndi mfundo yolemera, ndipo ndiilemekeza. Akuti kuvuula mabomba odyeka ndi dzimbiri n'koopsa kuposa kuwasiya, chifukwa akhoza kusweka m'njira n'kumwaza poizoni. Akatswiri ambiri ananena zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo pa malo ena akunena zoona. Koma tamverani bwino, mfundo imeneyi ikutsimikiza zanga. Ngati lero n'koopsa kukhudza, n'chifukwa choti anataya. Zikanakhala pamtunda m'nkhokwe, bwenzi zitawonongedwa ngati zinzake zija. Ndipo "zisiyeni" asamatanthauze "iwalani". Ngati mwasankha kusiya, jambulani mapu, yezani madzi ndi nsomba chaka ndi chaka, chenjezani asodzi, ikani zipangizo zothandizira wopsa m'maboti, ndipo zomwe zingavuulike muvuule chitsulo chisanatheretu. Chaka chilichonse chodikira, chitini chikupyapyala. Germany yomwe yazindikira: inaika mayuro 100 miliyoni, ndipo mu 2024 inayamba kuyesa kuvuula mabomba m'dera la nyanja la Lübeck. Mochedwa, komabe yayamba.

Wachitatu akuti zimenezo n'za nyanja zamchere, za azungu, ife zikutikhudza pati? Choyamba, si zamchere zokha. Switzerland, dziko lopanda gombe la nyanja yamchere ngati lathu lino, asilikali ake anataya matani masauzande a zida zakutha m'nyanja zake za madzi abwino, monga Thun, Brienz ndi Lucerne, mpaka zaka za m'ma 1960. Mu 2024 boma lawo linalengeza mpikisano wa mafalanki 50,000 kwa amene angabweretse nzeru ya mmene angazivuulire bwino. Dziko lolemera chotero, lotchuka ndi mawotchi osaphonya, likupempha nzeru kwa anthu wamba pa zomwe linaponya lokha. Kuponya kunatenga mphindi, kuvuula kwasowetsa mtendere mibadwo.

Chachiwiri, ifenso nkhondo inatidutsa. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Britain, Gwendolen, inawombera sitima ya Germany, Hermann von Wissmann, kutsidya kwa nyanja yathu yomweyi, ndipo mwezi wotsatira kunali nkhondo ku Karonga. Amene munafikapo pa Mangochi boma munauona mzinga wa Gwendolen pafupi ndi chipilala cha wotchi. Anansi athu a ku Mozambique anakhala pa nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1977 mpaka 1992, ndipo mbali ina ya gombe la nyanja ino ndi yawo. Zinawatengera mpaka 2015 kuti alengeze kuti athana ndi mabomba okwirira, pothandizidwa ndi mabungwe ngati HALO Trust, ngakhalenso abwampini ophunzitsidwa kununkhiza wonga a bungwe la APOPO. Ndipo pa 22 Malichi 2007 nkhokwe ya zida zakale ku Malhazine, mumzinda wa Maputo, inaphulika, maroketi n'kumagwera m'nyumba za anthu. Anafa anthu opitirira 100. Zida zimenezo sizinali m'madzi, koma matenda ake ndi omwewo: kusunga chinthu chofunika kuwononga, n'kumati tidzaona mawa.

Mundimve bwino apa, anthu a mphekesera inu. Sindikunena kuti m'nyanja yathu muli mabomba a poizoni, ndipo wina asadule uthengawu pakati n'kukaopseza amayi ogula usipa. Ndikunena kuti zipolopolo ndi mabomba akale amapezeka kulikonse kumene kunadutsa asilikali, ndipo masiku ano tili ndi chinthu chomwe chimatikokera kwa izo: malonda a zitsulo zakutha. Mnyamata akaona chitsulo cholemera, m'mutu mwake mumabwera sikelo. Tamverani zomwe zinachitika ku Qiqihar, ku China, mu Ogasiti 2003. Anthu okumba pamalo omanga anafukula migolo yakale yomwe asilikali a Japan anasiya mu 1945. Migolo ina inagulitsidwa ngati zitsulo zakutha n'kudulidwa. Munali mustard gas. Anthu opitirira 40 anavulala, ena mwa iwo ana, ndipo mmodzi, wogula zitsulo zakutha, anamwalira. Japan mpaka pano ikulipira ntchito yofukula ndi kuwononga zida zomwe inasiya ku China, chifukwa pa zosiyidwa m'dziko la eni panganolo limagwira mwini wake pakhosi. Funso langa n'lakuti, nanga zotayidwa m'madzi zinalakwa chiyani kuti zikhale zopanda mwini?

Safunsa anadya phula. Ndiye nazi zoti tichite ife, zosafuna digiri.

Mukaona chitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu, botolo lachitsulo, chinanazi, kapena paipi yokhala ndi zipsepse kumchira, musachigwire. Musachimenye ndi mwala kuti mumve kulira kwake. Musachiike pamoto, musachidule ndi sowo kapena gasi, musachisandutse nangula kapena fuwa. Kukalamba sikuchifooketsa, kumachipangitsa kupsa mtima msanga, chifukwa zotetezera zake za m'kati n'zimene zimayamba kudyeka. Bwererani njira yomwe munadzera, chotsani ana, ikani chizindikiro chapatali, uzani amfumu ndi apolisi. Apolisi ndi asilikali ndiwo ali ndi anthu ophunzira ntchito imeneyi.

Chikakodwa mu ukonde muli pamadzi ndipo mwachiona chisanakwere, musachikwezere m'boti, ndipo musachikokere kugombe komwe kuli amayi pa mathandala ndi ana akusamba. Chitsitseni pang'onopang'ono, sungani malowo mu foni kapena poyang'ana mapiri ndi zilumba monga timachitira ndi malo a utaka, ikani choyandama, mukanene. Kusiyana kwa inu ndi akazembe a 1947 kuli pa kunenako. Iwo anaponya n'kutseka pakamwa. Ndipo ngati chinthu chosadziwika chadontheza madzi onga oyilo pathupi panu, vulani zovalazo, sambani ndi madzi ambiri ndi sopo, thamangirani kuchipatala ngakhale simukumva kuwawa. Kumbukirani kuti poizoni uja amayamba mwakachetechete.

Kwa atsogoleri athu a m'makomiti a pagombe, a zausodzi ndi aboma, pempho langa ndi ili: wonena asaluze. Ku Denmark, msodzi akakoka poizoni n'kunena, amalipidwa pa nsomba zomwe zawonongedwa, n'chifukwa chake kumeneko anthu amanena. Koma ngati kunena kukutanthauza kutaya ukonde wa ngongole, kukhala tsiku lonse pa benchi ukufunsidwa ngati wakuba, munthu wosauka adzangochigubuduzira m'madzi usiku, mnzake n'kudzachikoka mawa. Ogula zitsulo nanunso, musamangoyang'ana sikelo. Chomwe simukuchidziwa chikanizeni, ndipo mukanene komwe chachokera.

Kwa mayiko aja, mawu anga ndi achidule. Amene anaponya avuule, kapena alipire ovuula, ndipo chibowo cha 1985 chitsekedwe. Munakwanitsa kuwononga matani 72,000 a pamtunda chifukwa anali pafupi ndi nyumba zanu ndi mavoti anu. A pansi pa madzi ali pafupi ndi asodzi okha, n'chifukwa chake mukuyenda pang'onopang'ono.

Koma tisaloze chala ku Baltic dzanja linalo likukhuthula oyilo pa doko. Batire ya boti ili ndi asidi ndi mtovu. Mabatire a matochi ndi nyale za kauni, zigubu za mankhwala a m'munda, oyilo wakutha, zonsezi si mabomba, koma maganizo otayira ndi amodzimodzi ndi a akazembe aja: madzi abisa, zatha. Nyanja yathu potulukira pake ndi pamodzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi otuluka pamenepo pachaka ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe alimo. Cholowa chimakhalitsa. Oyilo wakuda sungani m'chigubu, batire yakutha ibwerere kumtunda kwa ogula mabatire. Madzi amenewa ndi omwe timamwa, ndi omwe chambo chimaswanamo, ndi omwe atilipirira sukulu tonsefe mpaka pomwe tinalekezera.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tumizani kwa alovi anzanu, kwa eni maboti, makamaka kwa aja amayenda ndi ngolo kugula zitsulo m'midzi. Amene akutsutsa abwere ndi mfundo, ndili pa shedi mpaka dzuwa kulowa.